Mwana amayamba kuwerenga ndi khutu

Makolo ambiri akabwera kusukulu amandiuza monyadira kuti, "Aphunzitsi, wangayu ngodziwa kale, amaimba ABC mpaka kumapeto." Ndimakondwera nawo, koma zaka zimene ndaphunzitsa Sitandade 1 zandionetsa kuti kuimba zilembo si kuwerenga. Nyimboyo imatchula maina a zilembo m'Chingerezi. Mwana amene waloweza kuti chilembo choyamba ndi "ei" amaima kakasi akakumana ndi mawu oti "amayi".

Ife timayambira kukhutu, choko chisanakhudze bolodi. Ndimatchula moto, mutu, mano, kenaka n'kufunsa kuti liwu loyamba ndi liti. Akalimva, m'pamene ndimawaonetsa chilembo chake, n'kuchiphatikiza ndi a, e, i, o, u. Chichewa n'chokoma mtima pamenepa, chifukwa chimalembedwa monga momwe chimamvekera. Mwana wodziwa ma, me, mi, mo, mu ndi ta, te, ti, to, tu angathe kuwerenga yekha "mutu" ngakhale sanawaonepo mawuwo. Ndondomeko yophunzitsira kuwerenga imene boma linakhazikitsa m'sukulu zake za pulayimale mu 2016 imatsatanso njira yomweyi.

Pamene ana amapunthwa kwambiri polemba ndi pa chilembo cha h. Amalemba "pala" akufuna phala, "kola" akufuna khola. Sindiwakalipira. Ndimawauza aike chikhatho patsogolo pa kamwa, atchule mawu onse awiri. Pa "phala" kamphepo kamaomba m'manja, pa "pala" kulibe. Kamphepoko ndiye h. Kankhodolero ka mu "ng'ombe" nako kamafuna kuleza mtima, mpaka mwana amve kuti ng'ombe ndi ngoma siziyamba mofanana.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi kuloweza. M'kalasi ya ana ochuluka, onse akamawerenga mokuwa pamodzi, wosadziwa amabisala m'mawu a anzake, ndipo atha kufika Sitandade 3 akungoyang'ana chithunzi n'kunena zimene anamva. Mwana wotere si mbuli ayi, sanapeze womumvetsera payekha.

Inu makolo, sipafunika buku kuti muyese mwana wanu. Lembani maphatikizo pa tizidutswa ta katoni kapena pansi ndi kamtengo, muwasakanize, mwanayo apange mawu atsopano. Ngati chilankhulo cha pakhomo panu ndi Chiyao kapena Chitumbuka, yambani ndi mawu amene amawamva tsiku ndi tsiku. Akakakamira, musamuuze msanga yankho. Lozani phatikizo loyamba, mudikire.