Foni Siidziwa Kukula kwa Chipande cha ku Mtakataka

Mtsikana wa zaka 16 amene amayenda wapansi popita kusukulu, n'kumatunganso madzi ndi kulima nawo kudimba, amafunika makalori pafupifupi 2,500 pa tsiku. Mnyamata wamsinkhu womwewo amafunika oposa 3,000. Ziwerengerozi zili mu lipoti la akatswiri a FAO ndi WHO la mu 2004, ndipo makolo ambiri akazimva amagwira pakamwa, poti zikutanthauza kuti mwana wa Fomu 3 akhoza kufunika chakudya chambiri kuposa mayi ake amene amakhala pansi mugolosale tsiku lonse.

Pafoni pamayenda nambala ina: 1,200. Imatchulidwa pa TikTok, pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp ngati mlingo wa aliyense wofuna kuchepetsa thupi, ndipo inafika kale ku Mtakataka, ku Mua ndi ku Golomoti, kumene foni ya achimwene kapena ya mnzako wa m'kalasi siivuta kubwereka. Ntchito yanga ndi yolangiza za kadyedwe. Kwa nthawi yaitali ana amene ndinkakumana nawo kuno kuchigwa anali onyentchera chifukwa pakhomo panalibe chakudya. Masiku ano ndikukumananso ndi ana amene akudzimana okha, nkhokwe ili yodzaza.

Mayi wina wolima mpunga ku sikimu ya Bwanje anabwera ndi mwana wake wamkazi wa zaka 15. "Alangizi, tandionereni mwanayu," anatero. "Nsima akungoigunda, akuti ikumunenepetsa. Kapena wina wamuchita chipongwe?" Mtsikanayo anangoweramitsa mutu. Mkati mwa zikope munali moyera, akadzuka ankamva chizungulire, ndipo msambo unali utadumpha. Mayi ake ankaopa kuti ndi mimba, koma atayezedwa mimba panalibe. Kumasamba akumapeto a kope lake la masamu kunali mndandanda wa tsiku ndi tsiku: tiyi wopanda shuga, nthochi imodzi, mtanda umodzi wa nsima madzulo, ndipo pambali pa chilichonse panali nambala yotengedwa pafoni. Zonsezi zinayamba tsiku limene anzake anamuseka kuti yunifolomu ikumuthina.

Kalori ndi muyeso wa mphamvu, basi. Kalori imodzi ya pa chakudya ndi kutentha kumene kungakweze lita imodzi ya madzi ndi digiri imodzi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, wasayansi wa ku America, Wilbur Atwater, ankaotcha zakudya m'chipangizo chotsekeka bwino n'kumayeza kutentha kotulukamo, kenako n'kuchotsera gawo limene thupi siligaya. Ziwerengero zake n'zimene tikugwiritsabe ntchito: galamu imodzi ya sitachi kapena shuga imapereka makalori 4, ya mapuloteni 4, ya mafuta 9. N'chifukwa chake ufa wa chimanga wolemera magalamu 100 uli ndi makalori pafupifupi 360, mtedza wolemera chimodzimodzi uli ndi pafupifupi 570, pomwe supuni yaikulu imodzi yokha ya mafuta ophikira ili ndi 120.

Masamuwa ndi oona, koma akafika pamphasa amasokonekera. Mtanda wa nsima ndi waukulu bwanji? Zimatengera chipande cha pakhomopo ndi dzanja la woomola. Nsima yolimba ya agogo imadya ufa wambiri kuposa yofewa ya mdzukulu amene akuphunzira kuvundula. M'mabanja ambiri ana amadyera m'mbale imodzi, ndiye ndani angadziwe kuti Uje wanyema mbamu zingati? Mapulogalamu a pafoni anapangidwira anthu odya zakudya za m'mapaketi zolembedwa kulemera kwake, ndipo ambiri sadziwa futali, thobwa, chigumu kapena nkhwani wotendera. Mwana akalembamo nsima, pulogalamu imangosankha chakudya china chakunja chimene ikuganiza kuti chikufanana nayo. Dziko lino linatulutsa buku lake la michere ya m'zakudya zakwathu mu 2019, akatswiri a ku yunivesite ya LUANAR atagwira nawo ntchitoyo, ndipo ndi chida chamtengo wapatali. Koma ngakhale ife timaligwiritsa ntchito pokonza phala la sukulu yonse kapena chakudya cha odwala m'chipatala. Sitiima nalo pambali pa mwana kuti tiwerenge mbamu zake.

Vuto lalikulu koposa ndi loti nambala ya makalori siinena chimene chili m'chakudyacho. Dziko lino linaona zimenezi ndi maso mu 1990, pamene anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique oposa 17,000 anadwala chiwawu m'misasa ya kuno. Ufa ankalandira. Chimene chinasowa kwa miyezi ingapo pa chakudya chogawidwacho ndi mtedza, umene unkawapatsa vitamini wotchedwa niacin. Khungu linayamba kuda ndi kusenda m'khosi ndi m'manja, ambiri anatsegula m'mimba, ena mutu unasokonekera. Mimba zinkakhuta, matupi akudwala. Mtsikana amene wasiya nyemba ndi nsinjiro poopa mafuta, n'kutsala ndi tiyi ndi kachidutswa ka buledi, akuyenda njira yofanana ndi imeneyi, ngakhale atakwanitsa nambala yake ya tsikulo.

Ndipo thupi la wachinyamata lili pa ntchito yaikulu. Pakati pa zaka 10 ndi 19 munthu amawonjezera pafupifupi theka la kulemera kumene adzakhale nako ali wamkulu, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a kutalika kwake, komanso chigawo chachikulu cha mafupa amene adzamunyamule mpaka ukalamba. Mtsikana akamatha msinkhu, mbina, ntchafu ndi mabere zimakula, ndipo mafuta a m'thupi amawonjezeka. Ndi mmene thupi la mkazi limakonzekera. Yunifolomu yosokedwa ali Fomu 1 iyenera kuthina akafika Fomu 3. Nambala ya pasikelo yokha siingatiuze ngati mwana wanenepa mopitirira. Ife timayeza kulemera ndi kutalika, n'kuziyerekeza ndi zaka zake pa matchati a WHO a ana a zaka 5 mpaka 19, amene ndi osiyana kwa anyamata ndi atsikana. Mtsikana wa ku Bwanje uja, asanayambe kudzimana, anali pamzere woyenera.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri kuno ndi magazi. Kafukufuku wa dziko lonse wa za chiwerengero cha anthu ndi umoyo wa 2015-16 anapeza kuti amayi ndi atsikana 33 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali ndi vuto la kuchepa kwa magazi. Kuno kufupi ndi nyanja zinthu zolanda magazi n'zambiri: malungo, njoka za m'mimba, ndi likodzo limene ana amatenga posamba m'madzi odikha kapena pothandiza m'minda ya mpunga. Kuwonjezera apo pali msambo wa mwezi ndi mwezi. Mtsikana wotere akachepetsanso chakudya, ayironi amene amalowa m'thupi amachepa pa nthawi imene akufunika kwambiri. Amagona m'kalasi, amaiwala zimene wawerenga, ndipo aphunzitsi amamuyesa waulesi. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena ali oyembekezera, ndipo mimba ikapeza thupi lopanda magazi, mayi ndi mwana yemwe amakhala pangozi. Dera lino linadziwika dziko lonse lapansi chifukwa cha Mfumu Theresa Kachindamoto, imene inathetsa maukwati ambiri a ana n'kubwezera atsikana kusukulu. Zimandipweteka kuona mtsikana amene wapulumuka ukwati akulephera mayeso chifukwa choti wasiya kudya.

Sindikunena kuti kunenepa kopitirira muyeso kulibe. Kafukufuku uja anapeza amayi 21 mwa 100 alionse ali onenepa mopitirira, pomwe oonda kwambiri anali 7, ndipo matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi sakulekezanso m'tauni. Alipo achinyamata amene akayezedwa amapezeka kuti adutsadi mzere. Kwa ambiri a iwo, chimene timafuna n'choti kulemera kuime kaye pamene kutalika kukupitirira. Ndipo tikafufuza, choyambitsa kawirikawiri sichikhala nsima ya kunyumba. Chimakhala pachiwaya ndi pamsika wa mumsewu wa M5: chipisi chosambira m'mafuta, mandasi, mabisiketi, mafilizesi ndi zakumwa zotsekemera. Botolo la mamililita 300 la chakumwa cha gasi nthawi zambiri limakhala ndi shuga wa magalamu pafupifupi 30, masupuni ang'onoang'ono asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu. WHO imalangiza kuti shuga wothira asafike pa gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu ya tsiku, ndiye kwa mtsikana wofunika makalori 2,500 malire ali pa magalamu 60 ndi pang'ono. Mabotolo awiri basi, tiyi wam'mawa sanawerengedwe. Ngati pali chochepetsa, n'chimenecho.

M'malo mowerenga makalori, ndimauza achinyamata kuti aziwerenga magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene unduna wa zaumoyo umaphunzitsa: zokhutitsa, zanyemba, zochokera ku nyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Funso la madzulo n'loti, lero ndakhudza magulu angati? Funso limeneli limachititsa mwana kuwonjezera chakudya m'mbale, ndipo kuno kuchigwa mayankho ali pafupi. Usipa, utaka ndi matemba amadyedwa ndi mutu ndi minga yomwe, ndipo mmenemo ndi momwe muli kashiamu wa mafupa, amene wachinyamata amafunika mamiligalamu pafupifupi 1,300 pa tsiku. Khobwe, nandolo, nzama ndi nyemba zili ndi mapuloteni ndi ayironi. Bonongwe, chisoso, kholowa, khwanya ndi chigwada zimangofuna nsinjiro kapena kadontho ka mafuta kuti vitamini A alowe bwino m'thupi, ndiye amene amaphika masamba ndi madzi okhaokha pofuna kuonda amataya phindu lina la masambawo. Mgaiwa umasunga michere imene imapita ndi gaga pokonola ndi kuviika mphale. Mbatata yofiira mkati imakhutitsa ndipo ili ndi vitamini A wambiri.

Malambe, amene ana amangoyamwa akusewera pansi pa milambe ya ku Golomoti, ali ndi vitamini C wambiri, ndipo vitamini ameneyu amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba. Chimodzimodzi magwafa, mango ndi tomato wosapsa kwambiri pamoto. Tiyi amachita zosiyana: akamwedwa pamodzi ndi chakudya amatsekereza ayironi, choncho ndi bwino kudikira ola limodzi mutadya. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro m'mawa limathandiza mwana kufika masana osalakalaka mandasi pa nthawi yopuma. Kumene atsikana amalandira mapilitsi owonjezera magazi kamodzi pa mlungu kusukulu, azimwa. Mapilitsiwa sanenepetsa ndipo satseketsa kubereka.

Anyamata nawo ali ndi zawo. Ena akaona a kusukulu ya polisi ya Mtakataka akuthamanga m'mawa, amaumba zitsulo za simenti n'kuyamba kufunafuna ufa wa mapuloteni wa m'mabotolo. Mazira, usipa, soya ndi nyemba zimakwanira. Palinso atsikana ofuna mbina amene amagula mankhwala amadzi opatsa chilakolako cha kudya popanda uphungu wa dokotala, ndi ena omwa tiyi wotchedwa woondetsa, amene kawirikawiri amangotsegula m'mimba n'kuchotsa madzi m'thupi. Zonse ziwirizi ndimaletsa.

Kudzimana chakudya kumagwiranso maganizo, ndipo makolo ayenera kudziwa zimenezi. Mu 1944 ndi 1945, Ancel Keys wa ku yunivesite ya Minnesota anachita kafukufuku pa amuna 36 athanzi amene anadzipereka okha. Kwa miyezi isanu ndi umodzi ankapatsidwa pafupifupi theka la chakudya chawo cha masiku onse. Anataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwawo, anayamba kupsa mtima msanga, kumva kuzizira, kudzipatula ndi kumangoganiza za chakudya usana ndi usiku, ndipo ataloledwa kudya ena ankadya osatha kuleka. Amenewa anali akuluakulu omaliza kukula. Mtsikana wa zaka 16 wotsatira nambala ya 1,200 akudya osafika n'komwe theka la zimene akufunika.

Ena amati matenda odana ndi chakudya ndi a azungu, poti kwathu kunenepa kwakhala chizindikiro cha mtendere ndipo kuonda kunkachititsa anthu kunong'onezana za matenda. Ku Fiji nakonso thupi lodzaza linkatamandidwa. Wailesi yakanema inafika m'dera la Nadroga mu 1995, ndipo pofika mu 1998 wofufuza Anne Becker anapeza atsikana a sukulu pafupifupi 11 mwa 100 akuvomera kuti amadzisanzitsa pofuna kuchepetsa thupi, pomwe mu 1995 panalibe ndi mmodzi yemwe. Foni ikufika m'midzi yathu mofulumira kuposa mmene kanema inafikira kumeneko.

Zizindikiro zimaoneka pakhomo munthu asanafike kuchipatala. Mwana amayamba kunena kuti wadya kale kwa anzake, amakankhira gawo lake kwa ang'ono ake, amathamangira kuchimbudzi akangotha kudya, amavala juzi kutentha kwa Okutobala kuli pachimake, tsitsi limathothoka, msambo umasiya. Kumukalipira kapena kumukakamiza pamaso pa abale kumangomuphunzitsa kubisa. Azakhali, agogo kapena aphunzitsi amene mwanayo amawamasukira amufunse padera chimene chikumuvuta, ndipo achikulire asiye kuseka thupi la mwana, kaya ponena kuti wafufuma kaya kuti wauma. Kenako mupite naye kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, kuchipatala cha Mtakataka kapena cha Mua, mukapemphe kuti amuyeze kulemera, kutalika, kuchuluka kwa magazi, malungo ndi likodzo. Mwana amene wakomoka, amene mtima ukumugunda mosalongosoka, kapena amene wasiyiratu kudya ndi kumwa, apite tsiku lomwelo.