KUDULA NTHAMBI ZA MITENGO YA PAMUDZI POPANDA NGOZI

M'midzi ya boma la Vubwi, monganso ku Katete ndi ku Sinda, nyumba zopanda mtengo wa mango pabwalo nzowerengeka. Yambiri mwa mitengo imeneyi inabzalidwa ndi makolo, ndipo lero nthambi zace zatambalala pamwamba pa madenga, nkhokwe ndi makola. Mvula yoyamba ya mu Novembala ifika ndi mphepo yaukali, ndipo nthambi youma kapena yofumbwa ikathyoka siisankha pogwera.

Eni mitengo ambiri acita cimodzi mwa zinthu ziwiri. Ena aisiya nthambiyo kufikira itagwera denga. Ena atuma mnyamata kukwera ndi nkhwangwa, iye nkuitema mwamphamvu atagwira ndi dzanja limodzi. Njira yoyamba iononga nyumba. Yaciwiri iononga mtengo, ndipo nthawi zina ithyola msana wa wokwerayo. Ku maiko ena kudula nthambi ndi nchito yophunziridwa, ndipo anthu oicita achedwa madokotala a mitengo. Malamulo ao aakulu angatsatidwe ndi mlimi ali yense amene ali ndi maceka, cingwe ndi mnzace womuthandiza.

MTENGO SUPOLA MONGA MUNTHU

Munthu akatemedwa, bala lace lipola ndipo mnofu ubwerera. Mtengo sutero. Katswiri wa za nkhalango wa ku America, Alex Shigo, anang'amba mitengo yambirimbiri ndi maceka kuti aone m'kati mwace, ndipo m'zaka za m'ma 1970 anaonetsa kuti mtengo wobvulala umanga ngati mpanda kuzungulira malo obvulalawo kuti kubvunda kusafalikire, kenaka khungwa latsopano limera pang'onopang'ono kucokera m'mbali kufikira litatseka bala.

Mphamvu yomanga mpanda umenewu ili pamalo amodzi. Pamene nthambi ilumikizana ndi thunthu pali kotupa pang'ono, kooneka ngati khosi, ndipo pamwamba pace khungwa lakwinyika. Khosi limeneli ndi la thunthu, ndipo liyenera kutsala. Wodula akalisenga kuti pakhale posalala ndi thunthu, watsegula khomo la kubvunda ndi ciswe. Akasiyanso citsa cacitali, khungwa silingacikute. Citsaco ciuma, cibvunda, ndipo kubvundako kulowa m'thunthu. Mitengo yambiri ya mango yokhala ndi mphako inayamba motero.

Kupaka phula, penti kapena mafuta akale a galimoto pa bala sikuletsa kubvunda. Bala lodulidwa pamalo oyenera ndi maceka akuthwa lingosiyidwa kuti liume.

KUDULA KATATU

Nthambi yaiwisi ilemera koposa m'mene ionekera. Yonenepa masentimita 20 ndi yotalika mamita 3 ingalemere pafupifupi ngati matumba awiri a cimanga a makilogalamu 50. Ikadulidwa kamodzi kokha kucokera pamwamba, ithyoka maceka asanafike pansi, ndipo pogwa isenda khungwa la thunthu monga munthu asendera luzi. Cifukwa cace nthambi yaikulu idulidwa katatu.

Coyamba, wodula aceka kunsi kwa nthambi, pa mtunda wa masentimita 30 kucokera ku thunthu, kulowetsa maceka gawo limodzi mwa magawo atatu a kunenepa kwace. Akapitirira apo nthambi ipana maceka.

Caciwiri, aceka kucokera pamwamba, kunja pang'ono kwa poceka poyamba paja, kufikira nthambi itagwa. Kusendeka kwa khungwa kulekezera poceka pa kunsi.

Cacitatu, kulemera kutacoka, acotsa citsa cotsalaco poceka kunja kwa khosi, osalikhudza.

Nthambi imene ili pamwamba pa denga siigwetsedwa yathunthu. Idulidwa zidutswa zazifupi kuyambira ku nsonga. Cidutswa ciri conse cimangidwa ndi cingwe codutsa pa mphanda yolimba ya pamwamba, ndipo munthu wa pansi, atakulunga cingweco pa thunthu la mtengo wina, acitsitsa pang'onopang'ono. Cingwe cimeneci cisakulungidwe pa dzanja kapena m'ciuno.

Mtengo usacotsedwe masamba opitirira gawo limodzi mwa magawo anai m'caka cimodzi, pakuti masamba ndiwo aupangira cakudya. Mtengo wodulidwa mutu wonse uturutsa mphukira zambiri zosalimba, zimene pakapita zaka zithyoka msanga koposa nthambi zakale. Zoyamba kucotsedwa ndi nthambi zouma, zodwala, zokhulana ndi zinzace, ndi zimene ziopsa nyumba.

ZIPANGIZO

Maceka a m'manja aposa nkhwangwa ndi cikwanje pa nchito iyi. Aceka mosalala, safuna kuponya mkono, ndipo sadula cingwe mwangozi monga icitira nkhwangwa ikaphonya. Maceka omangidwa ku ndodo yaitali alola munthu kudula nthambi zazing'ono ataima pansi, ndipo nthambi iri yonse yofikika motero siifuna kukwerera. Podulira malalanje ndi mandimu, maceka apukutidwe ndi sipiriti asanapite pa mtengo wina, kuti asanyamule matenda.

Zingwe zikhale ziwiri: ca munthu ndi cotsitsira nthambi, ndipo zisasinthanitsidwe. Luzi, cingwe cakale comangira ng'ombe, kapena ca pulasitiki cimene caumbuka ndi dzuwa sizingadaliridwe kusunga moyo. Cingwe ciyang'anidwe conse podutsitsa m'manja nchito isanayambe. Akatswiri abvala lamba wogwira m'ciuno ndi m'nchafu, pakuti cingwe comangidwa pamimba pokha cibvulaza munthu akagwa nkulendewera. Abvalanso cisoti colimba, magalasi oteteza maso ndi nsapato zogwira. Utomoni wa mango uocha khungu ndipo uwawa m'maso.

Makwerero aimikidwe pa nthaka yolimba, miyendo yace italikire mita imodzi kucokera ku thunthu pa mamita 4 ali onse a kutalika, ndipo amangidwe kumwamba. Asatsamire pa nthambi imene ilikudulidwa, pakuti kulemera kukacoka nthambiyo idumphira m'mwamba. Maceka a injini, amene tsopano apezeka kwa oceka matabwa, asakwere nawo mu mtengo munthu wosaphunzira nchitoyo.

WOKWERA NDI MNZACE WA PANSI

Asanakwere, munthu azungulire mtengo. Ayang'ane mphako, ming'alu, bowa womera pa thunthu, njira za ciswe, njuci, mabvu ndi njoka. Mtengo wobvunda m'kati usakweredwe. Asakwere mvula ikugwa, khungwa liri lonyowa, mphepo ikuomba, kapena atamwa mowa.

Atafika podulira, adzimangirire ku thunthu kapena ku mphanda yamoyo ya pamwamba pa mutu wace, osati ku nthambi imene afuna kudula. Akatswiri adzimangirira malo awiri asanayambe kuceka, kuti cingwe cimodzi cikadulidwa cina cimusunge. Maceka akwezedwe ndi cingwe wokwera atakhazikika kale.

Munthu asagwire nchito imeneyi yekha. Wa pansi acotsa ana, mbuzi ndi nkhuku, agwira cingwe cotsitsira, ndipo wa pamwamba sadula kufikira wa pansi atayankha kuti palibe munthu. Wina akagwa nkudandaula khosi kapena msana, asadzutsidwe kapena kukhalitsidwa pa njinga. Agonekedwe pa citseko, mutu uli wogwiridwa kuti usatembenuke, ndipo a cipatala ca pafupi auzidwe msanga. Kubvulala kwa msana kufuna zipatala zazikulu monga ca ku Chipata kapena St Francis ku Katete, ndipo ulendo wa kumeneko pa nyengo ya mvula si waufupi.

MPIKISANO WA OKWERA MITENGO

Anyamata a m'midzi apikisana pofuna kuona wofika msanga ku nsonga. Akatswiri nawonso ali ndi mpikisano wao, koma malamulo ace ngosiyana. Bungwe la International Society of Arboriculture, limene linayamba mu 1924, linacititsa mpikisano woyamba wa okwera mitengo mu 1976 mu mzinda wa St. Louis ku America. Pambuyo pace unakula nkuyamba kulandira amuna ndi akazi a maiko ambiri.

Asanakwere, oweruza ayang'ana zingwe ndi malamba a munthu ali yense. Pali mayeso oponya kathumba kolemera komangidwa ku kacingwe kuti kadutse pa mphanda yosankhidwa. Pali oyenda m'nthambi ndi kuliza mabelu opacikidwa m'malo osiyanasiyana. Palinso opulumutsa wobvulala: cidole colemera ngati munthu cipacikidwa m'mwamba, ndipo wopikisana ayenera kucifikira ndi kucitsitsa bwino m'mphindi zowerengeka. Liwiro liwerengedwa, koma wogwetsa cipangizo, wothyola nthambi yaikulu kapena wokhala wosamangirira alandidwa mapointi kapena acotsedwa. Tsono pakati pa okwera opambana pa dziko lonse, wokwera wopanda cingwe sayesedwa ngwazi.

NYENGO NDI CILOLEZO

Mango acita maluwa m'miyezi ya Julaye kufikira Sepitembala, ndipo apsa kuyambira Novembala kufikira Januwale. Nthambi zaziwisi zipatulidwe zipatso zikangotha, pa tsiku louma, kuti mphukira zatsopano zikhwime maluwa asanabwere. Nthambi zouma ndi zoopsa denga zicotsedwe mu Sepitembala kapena Okutobala, mphepo ya mvula yoyamba isanafike.

Nthambi yoyandikira waya wa magetsi isakhudzidwe, pakuti mtengo wauwisi unyamula magetsi. A ZESCO ndiwo auzidwe. Mitengo ya kumanda, ya pa bwalo la mudzi ndi ya m'malire a minda ifuna cilolezo ca nyakwawa. Lamulo la Nkhalango la 2015 liletsa kudula mitengo m'nkhalango zosungidwa popanda cilolezo ca a Dipatimenti ya Nkhalango.

Mabanja a ku Vubwi, Katete ndi Sinda ayang'ane mitengo ya pabwalo dzinja lisanafike. Midzi imene ilibe maceka ndi cingwe cabwino ingasonkhe nkugula zogwiritsa nchito pamodzi, nkuzisunga kwa munthu mmodzi wodalirika. Kumene nthambi ili yaikulu koposa, kapena mtengo uoneka wobvunda, mwini wace afunse mlangizi wa zaulimi kapena wa za nkhalango munthu asanakwere.