Mjigo ndi wa tonse, koma mipira agula ndani?

M'midzi yozungulira nyanja ya Amaramba ndiponso m'maboma a Mandimba, Ngauma ndi Cuamba, mijigo yambiri ndi ya mtundu wa Afridev. Kapangidwe kake kanachokera pa mjigo wa Maldev womwe unayesedwa ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo kalibe mwini wake. Fakitale iliyonse ikhoza kuupanga, ndipo anthu a m'mudzi atha kuzula ndodo zake n'kusintha mpira wa pansi popanda kudikira injiniya. Komabe tonse taiona mijigo yomwe chogwirira chake chimangogwa chopepuka, madzi osatuluka. Nthawi zambiri vuto limakhala kampira kakang'ono kamene katha, komiti ilibe ndalama m'thumba, ndipo bungwe lomwe linakumba linachoka kalekale.

Browser ya pa foni yanu, pulogalamu imene mumatsegulira intaneti, ili pa vuto lomweli. Firefox ndi chitsanzo chodziwika kwambiri. Inabadwa kampani ya Netscape itaulula malembedwe a pulogalamu yake mu 1998, ndipo Firefox 1.0 inatuluka mu November 2004. Aliyense ali ndi ufulu wowerenga momwe inalembedwera, kuikonza, ngakhale kupanga yakeyake. Koma browser imatha ngati mpira wa mjigo. Mawebusayiti amasintha tsiku ndi tsiku, akuba a pa intaneti amafufuza ming'alu, mafoni atsopano amabwera. Pamafunika anthu mazanamazana olipidwa kuti azitseka ming'aluyo chaka chonse, ndipo ongodzipereka madzulo akaweruka sangaikwanitse okha ntchitoyi.

Ndalama zowalipirira zimachokera kuti? Mozilla, bungwe losamalira Firefox, limapeza pafupifupi madola 500 miliyoni kapena kuposerapo pachaka, ndipo gawo lalikulu kwambiri limachokera ku Google. Google imalipira kuti mukalemba funso mu Firefox, yankho lizichokera kwa iyo. Mu 2021 mokha inawononga madola 26.3 biliyoni pa mapangano otere ndi makampani osiyanasiyana, kuphatikizapo Apple. Apa mpomwe pali nkhawa yanga: Google ndiyonso mwini wa Chrome, mpikisano wamkulu wa Firefox. Zili ngati mipira yonse ya mjigo wa mudzi ikugulidwa ndi munthu mmodzi yemwe ali ndi mpopi wake wogulitsa madzi tsidya la msewu. Akhoza kukhala wamtima wabwino kwa zaka zambiri, koma komiti yoteroyo imalankhula mosamala pamaso pake.

Kudalira thumba limodzi kwaonekera kale poyera. Mu August 2020 Mozilla inachotsa ntchito anthu pafupifupi 250, pakati pawo omwe ankapanga Servo, injini yatsopano yoyendetsa browser imene ambiri ankaiyembekezera. Mu August 2024 woweruza Amit Mehta wa ku Washington anagamula kuti Google inaphwanya malamulo a mpikisano pa malonda. Anthu ambiri anakondwa, koma a Mozilla anada nkhawa, chifukwa khoti likadaletsa malipiro aja, woyamba kuuma akadakhala Firefox. Mu September 2025 woweruzayo analola kuti malipirowo apitirire, bola asamatsekereze ena.

Wina ku Mandimba, yemwe ali ndi kafoni ka itel ndi bandulo ya Movitel yongokwanira masiku ochepa, angafunse kuti zikumukhudza bwanji, poti iye amagwiritsa ntchito Chrome yomwe anaipeza kale m'foni, kapena Opera Mini yomwe imapanikiza masamba kuti asadye data yambiri. Zikumukhudza chifukwa mayina a ma browser ndi ambiri koma injini za m'kati zatsala zochepa. Opera inasiya injini yake mu 2013 n'kutenga ya Chromium, yomwe ntchito yake yambiri imagwiridwa ndi antchito a Google. Microsoft Edge inachita zomwezo mu 2020. Zatsala zitatu zikuluzikulu: Blink ya Google (yomwe ili mu Chromium ndi Chrome), WebKit ya Apple ndi Gecko ya Mozilla (yomwe ili mu Firefox). Gecko ikafa, makampani awiri okha ndiwo azigamula kuti tsamba la banki kapena la zotsatira za mayeso litseguke pa foni yanji, ndi kuti foni yakale isiyidwe liti. Amene amasunga foni zaka zambiri, chifukwa yatsopano ndi mtengo wa matumba angapo a chimanga, ndiye woyamba kutsekeredwa kunja.

Pali ena omwe akuyesa njira ina. Mu July 2024 Andreas Kling wa ku Sweden ndi Chris Wanstrath, mmodzi mwa omwe anayambitsa GitHub, anakhazikitsa bungwe losapanga phindu lomanga browser ya Ladybird ndi injini yakeyake. Banja la Wanstrath linapereka madola 1 miliyoni. Malamulo awo akufanana ndi a komiti ya mjigo yoyenda bwino: salandira ndalama za mapangano a injini zofufuzira, wopereka thandizo sagula nalo mpando wa utsogoleri, ndipo amayesetsa kukhala ndi ndalama zokwanira miyezi 18 m'thumba nthawi zonse. Ndimaikonda njirayi, chifukwa opereka akakhala ambiri, mmodzi akachoka ntchito siima.

Komabe tisathamange kuombera m'manja. Madola 1 miliyoni ndi kadontho poyerekeza ndi zomwe Mozilla imawononga pachaka, ndipo browser yodziimira payokha koma yomangozima pakati potumiza fomu sithandiza wophunzira wa ku Cuamba yemwe bandulo yake ikutha. Ladybird yayamba ndi makompyuta a Linux ndi macOS, pomwe anthu a m'mbali mwa Amaramba intaneti amaionera pa mafoni a Android. Pakadali pano, browser yokhala ndi injini yosadalira Google yomwe angaike pa mafoni amenewo ndi Firefox, ndipo malipiro a oikonza akuchokerabe ku Google.