Kugwera Dzanja Sikubinya Cabe Nthawi Zonse

Munthu akaterereka pa denga la malata ku Kanyama, kapena akagwa pa njinga yamoto mumsewu wa ku Matero, amatsogoza dzanja kuti ateteze nkhope. Mfundo ya dzanja ikatupa, a pakhomo amati wabinya cabe, nayamba kuthowa ndi madzi otentha. Nthawi zina ndi pomwe dzanja limayambira kulemala.

Pamfundo imeneyi pali timafupa 8 tokhala m'mizere iwiri, tomangidwa ndi minyewa yolimba. Kapakati, kooneka ngati mwezi wongokhala kumene, madokotala amakacha lunate. Sikaguluka kawirikawiri, ndipo kugwa kwake kumakhala kwamphamvu, dzanja litapindikira kumbuyo.

Mu 1980 dokotala wa ku America, Mayfield, ndi anzake anagawa bvutoli m'magawo 4, monga mmene minyewa imadukira mozungulira lunate. Poyamba umaduka womanga lunate ndi scaphoid, kafupa ka kumbali ya cala cacikulu. Kaciwiri fupa lokhala pamutu pa lunate limasuntha. Kacitatu umaduka wa kumbali ya cala cacing'ono. Pa gawo lacinai lunate yeniyeniyo imatembenuka ndi kugwera ca kucikhato, kumene imapana mtsempha. Apa cala cacikulu, ca mkombaphala ndi capakati zimacita dzanzi, ndipo usiku tulo sitibwera.

Coipa cake, dzanja lotere silikhota moonekera ngati mkono wothyoka. Ngakhale acipatala limawanyenga. Kafukufuku wa Herzberg ndi anzake mu 1993 anapeza kuti mwa obvulala motere 4 alionse, mmodzi sanazindikiridwe pa ulendo woyamba. Cithunzi ca X-ray cojambulira m'mbali ndico cimaulula: lunate imaoneka ngati kapu yopendekeka. Wodwala amene wapatsidwa Panadol ndi bandeji koma dzanzi silikutha abwerere ku cipatala ca Chawama, Kanyama kapena Matero mawa lomwe, osati mwezi wamawa.

Cithandizo coyamba ndi kukoka dzanja wodwala atagonekedwa ndi mankhwala, kuti fupa libwerere ndi kumasula mtsempha. Izi si za kucitira kunyumba, ngakhale pali mkulu wodziwika kuti amawongola mafupa. Cikhakha cokha sicikwanira, cifukwa minyewa yoduka siingagwire fupa. Ambiri amatumizidwa kwa madokotala a mafupa ku UTH, kumene amasoka minyewa ndi kukhoma timawaya togwira mafupa. Ngati scaphoid inathyoka, imamangidwanso. Timawaya timacotsedwa patapita miyezi ngati iwiri, kenaka ndi masewera ofewetsa dzanja. Ngakhale opareshoni iyende bwino, mfundo siipindika monga kale.

Wobwera patapita miyezi, madokotala angacotse mafupa atatu a mzere woyamba kapena kuumitsa mfundo yonse. Kwa mmisiri womanga nyumba ku George kapena mai wocapa zobvala ku Kalingalinga, limenelo ndi dzanja lodyera.