Musanalowe M'kalasi ya Zojambula ndi Zosema

 Lero tikulankhula makamaka ndi achinyamata a ku Mzimba, kuyambira pa boma mpaka ku Embangweni, Jenda, Champhira ndi Khosolo, pamodzi ndi makolo awo. Pafupifupi pa sukulu iliyonse pamakhala mwana mmodzi amene aphunzitsi amamutuma kujambula mapu pa bolodi, ndipo kumbuyo kwa makope ake kumadzaza ng'ombe, malole ndi nkhope za anzake. Mwana wotere akatsiriza sukulu amafunsa kuti: kodi ndikaphunzire zojambula, kapena nditsate akulu anga ku Joni? Makolo nawonso amafuna kudziwa ngati n'koyenera kugulitsa ng'ombe kuti alipirire maphunziro otere. Tiyeni tione zimene munthu ayenera kudziwa ndalama isanatuluke m'thumba.

Choyamba ndiponso chachikulu ndi ichi: mphunzitsi wa zojambula amayamba ndi maso anu, dzanja limatsatira pambuyo. Masabata oyamba adzakuikirani mbiya, botolo kapena chigaza cha ng'ombe patebulo, nakuuzani kuti mujambule. Mawa lake chimodzimodzi. Ambiri amanyong'onyeka pamenepa, poti adabwera ndi mtima wofuna kupenta phiri la Hora tsiku lomwelo. Koma cholinga chake n'chakuti muzolowere kujambula chimene chili patsogolo panu, popeza chimene chili m'mutu chimanamiza. Mwachitsanzo, munthu wosaphunzira akamajambula nkhope amaika maso pamwamba, pafupi ndi tsitsi. Mukayesa bwino mudzapeza kuti maso a munthu wamkulu ali pakati pa mutu, kuchokera kuchibwano kufika paliwombo, ndipo msinkhu wake wonse ndi pafupifupi mitu yake 7 ndi theka. Mudzaphunzira kuyesa zimenezi potambasula mkono, pensulo ili m'manja, diso limodzi lili chitsinzinire. Mudzaphunziranso chifukwa chake msewu wa M1 umaoneka wopapatiza ukamapita kutali, ndi mmene mthunzi umachititsira mbiya ya papepala kuoneka yobulungira. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'kalasi imeneyi mawuwa ndi lamulo.

Chachiwiri ndi zida. Musathamangire kugula zodula. Pa mapensulo pamalembedwa zilembo: a H ndi olimba ndipo amalemba motuwa, pamene a B ndi ofewa ndipo amalemba mwakuda. Woyamba kumene akakhala ndi HB, 2B ndi 6B, zakwana. Makala ojambulira mungadzipangire nokha. Ikani timitengo touma m'chitini chotseka chimene mwabowola kabowo pachivundikiro, chiikeni pamoto kufikira utsi utaleka kutuluka, ndipo chikazizira tsegulani. Za penti, yambani ndi mitundu itatu: wofiira, wachikasu ndi wabuluu, kuwonjezapo woyera. Wachikasu ndi wabuluu akasakanizika amabala wobiriwira ngati msipu. Wofiira ndi wachikasu amabala mtundu wa lalanje. Dziwaninso kuti penti wa acrylic amauma m'mphindi zochepa, choncho burashi itsukidwe ndi madzi nthawi yomweyo, apo ayi yatayika. Penti wa mafuta amatenga masiku angapo kuti aume, ndipo burashi yake imatsukidwa ndi turpentine kapena parafini.

Chachitatu n'cha amene mtima wawo uli pa dongo ndi mtengo. Zambiri zimene adzamve m'kalasi, agogo oumba mbiya kumudzi amazidziwa kale. Dongo lichotsedwe timiyala, lipondedwe bwino kuti musatsale mpweya, ndipo chowumbacho chiume pang'onopang'ono pamthunzi. Chikalowa pamoto chisanaumitse, madzi otsalira mkati amasanduka nthunzi n'kuchiphulitsa. Mtengonso wauwisi ukasemedwa umang'ambika pouma. Phingo ndi mlombwa zimatenga zaka zambiri kuti zikule, ndipo kudula mtengo m'nkhalango yotetezedwa monga ya Perekezi popanda chilolezo ndi mlandu. Wosema wanzeru amafunsa kumene mtengo wachokera.

Chachinayi ndi thanzi. Nthunzi ya turpentine imapweteketsa mutu, choncho mawindo akhale otsegula. Fumbi la dongo louma limawononga mapapo pang'onopang'ono; pansi pazikolopedwa ndi madzi m'malo mosesa. Musasongole burashi ndi milomo, pakuti penti wina amakhala ndi mtovu. Posema ndi sompho kapena tchizulo, mpeni wake uzipita kutali ndi thupi lanu, ndipo dzanja logwira mtengo likhale kumbuyo kwa chitsulo.

Chachisanu ndi mtima wolandira chidzudzulo. M'makalasi otere ntchito za onse zimapachikidwa pakhoma, ndipo mphunzitsi ndi anzanu amanena poyera pamene palakwika. Mwana amene kwawo ankangomutama amamva kuwawa tsiku loyamba. Amene amapirira, nabwerera kukakonza, ndiye amapita patsogolo.

Nanga maphunzirowa amapezeka kuti? Njira yapafupi ndiyo kukhala pansi pa mmisiri wodziwa, kaya wolemba zikwangwani pa boma, wosema, kapena woumba. Njira ina ndiyo malo ophunzitsira luso monga Kungoni ku Mua m'boma la Dedza, amene adakhazikitsidwa ndi Bambo Claude Boucher m'chaka cha 1976. Kumeneko kwatuluka osema ambiri, ndipo nyumba yake yosungira zachikhalidwe ya Chamare imaonetsa za Achewa, Angoni ndi Ayao. Amene wakhoza bwino mayeso a MSCE angayesenso mwayi ku University of Malawi ku Zomba, kumene zojambula zimaphunzitsidwa mpaka digiri. Kulikonse kumene mungasankhe, funsani musanalipire: kodi zida amagula ndani? Kodi ophunzira amagwira ntchito ndi manja maola angati pa sabata? Pemphaninso kuona ntchito za mphunzitsiyo ndi za amene adaphunzira kwa iye. Safunsa adadya phula.

Za ndalama tinene zoona. Makina osindikiza alanda ntchito zambiri zimene kale zinali za olemba zikwangwani, ndipo zithunzi sizigulidwa tsiku ndi tsiku ngati tomato wa pa Jenda. Ojambula ambiri amaphatikiza lusoli ndi ntchito ina, monga uphunzitsi, ukalipentala kapena kukonza zithunzi pa kompyuta. Komabe mwana wa ku Mzimba ali ndi chuma chimene wa kwina alibe. Chishango cha chikopa cha ng'ombe, mikanda ya amayi, kuponda kwa ovina ingoma pa mwambo wa Umthetho ku Hora m'mwezi wa August, zonsezi wakula nazo. Akaphunzira kuziona bwino, adzajambula zimene munthu wongokopera zithunzi za pa foni sangathe.

Potsiriza, nayi njira yodziyesera yosafuna ndalama zambiri. Gulani kope limodzi ndi pensulo. Kwa masiku 30 jambulani chinthu chimodzi tsiku lililonse mukuchiyang'ana: nkhokwe, khasu, dzanja lanu, agogo ali pamphasa. Lembani tsiku pansi pa chithunzi chilichonse. Inu makolo, kope limenelo likadzaza, ndipo chithunzi chomaliza chikaposa choyamba, mwanayo ndi woyenera kumuthandiza. Likathera pa tsamba lachinayi, ng'ombe ija ibadikira m'khola.