Kodi Mayi Ameneyu Apumeko Liti?

M'midzi mwathu muli ana amene malungo a mu ubongo, kapena zovuta za pobadwa, zidaŵasiya osatha kuyenda kapena kudya okha. Mayi wa mwana wotere amambereka ngakhale afike zaka 10. Kumunda sapita, ku Misa safikanso. Ife tikakamchezera timapemphera naye, nkutsazika. Pemphero nlabwino ndithu, koma msana wake umatsala ukuŵaŵa.

Pamene Ambuye Patrick Kalilombe ankalimbikitsa miphakati pa sinodi ya dayosizi ya Lilongwe, kuyambira 1973 mpaka 1975, ankafuna kuti akhristu oyandikana azithandizana. Tsono mphakati ulembe maina a otsala ndi mwanayo, ndi masiku ao: uje Lachiŵiri m'maŵa, uje Lamulungu, abambo omwe. Thandizo la mwa apo ndi apo silipumitsa munthu. Mayi ayenera kudziŵiratu tsiku lake.

Koma wotsalayo ayambe waphunzira kwa mayiyo nthaŵi ya mankhwala, ndi kadyetsedwe ka phala: pang'onopang'ono, mwana atakhazikidwa tsonga kuti asatsamwe. Ambiri timaopa khunyu, chonsecho si matenda opatsirana. Mwana akagwa, timchotse pafupi ndi moto, timgoneke chammbali, osamuika kanthu m'kamwa. Akapitirira mphindi 5 akuphupha, tithamange naye kuchipatala.