Getsi lophethira lidandigwetsa m'sitolo

Kwathu ndi ku Chelinda, pamwamba pa phiri la Nyika m'boma la Rumphi, komwe bambo anga adagwira ntchito zaka zambiri. Ndidakula ndikuona mbidzi zikudya msipu chapafupi ndi nyumba, chifunga chikukuta mitengo ya paini, usiku tikuunikira koloboyi kapena tochi. Sindinkadziwa kuti kuwala kungadwalitse munthu.

Ndidadziwira ku Mzuzu ndili ndi zaka 16, titatsika ndi amama kukagula zofunika kusukulu. M'sitolo ina yaikulu, pamwamba pa shelefu ya sopo, getsi lina la chubu, aja aataliatali oyera, linkangophethiraphethira. Ndidalipenya kamodzi kokha. M'maso mudadza timizere tonyezimira, kenaka ndidatsitsimuka ndili pansi, lilime likuwawa, diresi itanyowa, anthu atandizinga koma ataima patali.

Amama adandiuza pambuyo pake kuti bambo wina adathamanga ndi supuni kuti andiike m'kamwa, pomwe mayi wina ankakoka mwana wake uku akuti: "Usayandikire iwe, malovu akewo akupatsira."

Kuchipatala, atandiyeza, adokotala adatembenukira kwa amama.

"Mayi, mwana wanuyu sadalodzedwe. Ali ndi khunyu, koma lake ndi lija lodzutsidwa ndi kuwala kophethira," adatero.

Khunyu, lomwe kwathu timati vizilisi, si matenda achilendo. Malinga ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, anthu pafupifupi 50 miliyoni ali nalo, ndipo 80 mwa 100 alionse a iwo ali m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Koma omwe timagwa kaamba ka kuwala ndife ochepa, atatu kapena asanu mwa odwala 100 alionse. N'chifukwa chake ambiri akamva nkhani yanga amayesa ndikukometsera.

Dziko lidadzidzimuka ndi vutoli pa 16 December 1997, pomwe ana oposa 600 ku Japan adathamangira nawo kuchipatala ataonera katuni ya Pokémon yomwe idali ndi kuwala kofiira ndi kwabuluu kosinthana mwaliwiro.

Nanga chubu cha m'sitolo chimalakwa chiyani? Magetsi athu amasinthasintha ka 50 pa sekondi, choncho chubu chamakedzana chimazima n'kuyaka ka 100 pa sekondi. Diso silikuona kuphethira kumeneku ndipo nthawi zambiri sikugwetsa munthu, ngakhale ena kumawatopetsa maso n'kuwadzutsira mutu. Ngozi imadza chubu chikayamba kutha, kapena kachipangizo koyatsira kakaonongeka. Pamenepo kuphethira kumatsika kufika pakati pa katatu ndi ka 30 pa sekondi, komwe ubongo ngati wangawu sumapirira.

Masiku ano ndimagwa mwa apo ndi apo chifukwa ndimamwa mankhwala. Chomwe chimandisautsa kwambiri ndi mutu waching'alang'ala. Ndikakhala mphindi 20 pamzere wolipira pansi pa magetsi oyera aja, mbali imodzi ya mutu imayamba kugunda ngati mtondo, mseru n'kubwera. Mutu umenewu umatha kukhala maola anayi mpaka masiku atatu. Kwa mtolankhani, amenewo ndi masiku atatu osagwira kompyuta, nkhani ikudikira.

Ndaphunzira kukhala nawo moyo umenewu. Ndisadalowe m'sitolo ndimaima pakhomo n'kusuzumira kudenga. Ndikaona chophethira, ndimabwerera. Ndimalemberatu zogula kuti ndisazungulire. Ndimavala chipewa chakhonde ndi magalasi akuda, ngakhale alonda ena amanditsata ngati ndabwera kudzaba. Ndimagula m'mawa, dzuwa likamalowa pazenera, ndipo tomato ndi nyemba ndimakonda kugula pamsika wapanja. Sindipita kukagula ndili ndi njala kapena ndisadagone mokwanira.

Kuwala kukandidzidzimutsa, ndimaphimba diso limodzi ndi chikhato n'kutembenuka. Kutsinzina kokha sikukwanira, chifukwa kuphethirako kumadutsabe m'zikope.

Chachikulu ndi mankhwala. WHO imati odwala 70 mwa 100 alionse atha kukhala osagwa atalandira thandizo loyenera, ndipo mankhwala ngati phenobarbitone, carbamazepine ndi sodium valproate ndi odziwika m'zipatala zathu. Koma safuna kudumphitsa. Apa ndi pomwe Chelinda imavuta: kuchoka kumeneko kukafika pa boma la Rumphi, kudzera pa geti ya Thazima ndi Bolero, ndi mtunda woposa makilomita 100, ndipo nthawi ya dzinja msewu umaterera. Ndikamapita kwathu ndimawerenga mapilitsi ndisadawerenge ndalama.

Chodabwitsa n'choti kumtunda komwe kuli kutali ndi chipatalako ndi komwe mutu wanga umapuma. Ku Chelinda ndimatha sabata ziwiri osamva kanthu. Ndikangotsika kutauni, nkhondo yayambanso.

Pali chiyembekezo pang'ono. Mu 2023, maiko omwe ali m'pangano la Minamata adagwirizana zosiya kupanga ndi kugulitsana machubu amenewa pofika 2027 kaamba ka mercury yemwe ali m'kati mwake. Mababu a LED akulowa m'malo, koma ena otchipa nawonso amaphethira, choncho eni sitolo asamangoyang'ana mtengo.

Kwa inu muli ndi golosale, hawker kapena supamaketi, pempho langa ndi laling'ono: getsi likayamba kuphethira, lizimitseni pomwepo, musadikire kumapeto kwa mwezi. Ndipo wina akagwa pakhomo panu, musamuike kanthu m'kamwa, musamupanikize, musamumwetse madzi. Chotsani zomwe zingamuvulaze, muikireni chofewa kumutu, kugwedezeka kukatha mugonekeni chammbali. Pakadutsa mphindi zisanu asadasiye, thamangirani naye kuchipatala. Khunyu silipatsirana, kaya ndi malovu kaya ndi mpweya.

Mwezi watha, ndili paulendo wakwathu, ndidaima pa Rumphi kugula shuga ndi sopo wa amama. Pakhomo pa sitolo ndidaona chubu chija chikuphethira pamwamba pa kauntala. Kale ndikadangotembenuka. Tsikulo ndidalimba mtima, diso limodzi nditaphimba, n'kuitana mwini wake.

"Adada, pepani, getsi ilo limandidwalitsa. Ndili ndi khunyu."

Adandiyang'ana kanthawi. Ndidadikira kuti aseke kapena abwerere m'mbuyo. Koma adatambasula dzanja n'kuzimitsa.

"Lowani, mwana wanga. Mdzukulu wanga nayenso amagwa, koma za getsizi sindinkazidziwa," adatero.

Ndidagula shuga wanga, n'kuwalembera papepala zoyenera kuchita mdzukuluyo akagwa. Pobwerera patatha sabata ziwiri ndidasuzumiranso. Chubu chija adali atachichotsa.